Maliro a Pa Chipilala cha Msilikali

Azakhali anafika ku Dar es Salaam pa lole, atakhala kutsogolo pambali pa dalaivala, mapazi atatupa ngati mikate. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Mdzukulu wawo, amene ankayendetsa lole yonyamula katundu wa ku Malawi kuchokera kudoko la Kurasini, anati anawakaniza mpaka malovu kuuma, koma tsiku lonyamuka anawapeza atakhala kale m'galimoto, kathumba kali pamiyendo. Anawatula kwathu ku Tabata Lachinayi, nati adzawatenga Lolemba akamaliza kupakira.

Anali mlongo wa bambo anga, mayi mmodzi koma abambo osiyana. Bambo anachoka kumudzi ku Ntcheu akadali mnyamata, nadzakhala khukhi wa azungu, kenako wa Amwenye, mpaka maso ndi miyendo zinawakana. Ine ndinabadwira ku Dar komweko. Chichewa ndinkachilankhula m'nyumba mokha. Ndikamatuluka ndinkachisiya pakhomo ngati patapata.

Inali nthawi imene boma linali litangomasula malonda. Mashopu amene tinakula tikuwaona ali pululu anadzaza sopo wonunkhira, kaunjika anali mbwee m'misewu, ndipo aliyense wokhala ndi tebulo ndi telefoni ankadzitcha kampani. Ine ndinapeza ntchito pa kakampani kotere, koyendetsa alendo odzaona malo. Ofesi yathu inali pakati pa tauni, khomo lake loyang'anizana ndi chipilala cha msilikali wachitsulo chimene magalimoto amachizungulira. Ndinkakhala pa desiki yakutsogolo n'kumamwetulira azungu, ndipo malipiro anga ndiwo ankadyetsa nyumba yonse.

Koma pa pepala lofunsira ntchito ndinalemba kuti kwathu ndi ku Songea, tauni ya m'Tanzania momwemo. Ku Dar munthu wa ku Malawi ankatchedwa Mnyasa, ndipo Mnyasa ankadziwika ndi kusesa pabwalo, kuchapa ndi kulondera. Abwana anga, mayi wa milomo yofiira ndi makoza odzaza mkono, ankanena poyera kuti Anyasa ndi abwino kukhitchini, koma pa desiki sangaikepo munthu wa mapepala okayikitsa, boma lingawatsekere ofesi. Akamatero ine ndinkaseka nawo, mwinanso kuposa anzanga onse.

Mnyasa wodziwika pa ofesipo anali mmodzi: mlonda, mdala wa Chiyao wa ku Mangochi, wovala kofia yoyera, amene ankakhala ku Mbagala. Ndinkawapatsa moni wa Chiswahili, wachidule, maso ali kwina. Tsiku lina ndinaphunthwa pa masitepe ndipo mawu akuti "Mayo ine!" anangotuluka okha. Mdalayo anandiyang'ana kanthawi, kenako anapitiriza kupukuta chitseko. Kuyambira pamenepo ndinkawaopa ngati wapolisi.

Azakhali atangondiona anayamba ndi mutu wanga. Masiku amenewo ndinali ndi tsitsi lopaka mankhwala lija tinkalitcha kalikiti, lonyezimira, lodontha mafuta pa kolala, logona m'pepala la pulasitiki. Ndinkalinyadira kuposa satifiketi yanga.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero akununkhiza, "mutuwu unagwera m'chiwaya cha mandasi?"

Ndinaseka, koma mumtima ndinati mlendo ndi mame, Lolemba sikutali.

Loweruka limenelo ndinali wopuma. Bambo anati, "Ine miyendo ilibe ntchito. Uwatenge azakhali ako akaone tauni. Si ndiyo ntchito yako imeneyo?" Ndinavomera, ndipo ndinakonza njira m'mutu mwanga mosamala ngati wakuba: kugombe, kenako misewu ya kumbuyo, osayandikira ofesi ngakhale pang'ono.

Tinakwera daladala, minibasi ya mumzindamo, momwe azakhali anakalipira kondakitala m'Chichewa chifukwa chowagwira m'chiuno powakweza. Ndinawaonetsa tchalitchi chakale cha Ajeremani cha denga lofiira, nsanja ya wotchi, ndi nyumba yakale ya miyala ya m'nyanja yokhala ndi chitseko chosema. Ndinkawafotokozera zomwe ndinkauza azungu, za mafumu a Chiarabu ndi za mabwanamkubwa, mawu amene azungu ankawalemba m'timabuku tawo. Azakhali ankangofwenkha fodya wawo wa m'mphuno.

"Nyumba ndi nyumba," anatero. "Amagonamo ndani?"

Pa msika wa nsomba ku Kivukoni anatsikira m'madzi, natunga ndi dzanja, nalawa, nalavula. "Madzi onsewa osamweka? Ndiye mumangowayang'ana?" Sitima zazikulu sanazicheukire n'komwe. Ndinayamba kupsa mtima. Dzuwa linali litakwera, mafuta a kalikiti akutsikira m'khosi, ndipo munthu amene ndinkamuyendetsayo sankadabwa ndi kanthu. Ndinati tiyeni tikamwe madzi a kokonati tizipita.

Anakhala pansi pa mtengo, namwa, napukuta pakamwa. Kenako anati, "Zonsezi ndaona, zikomo. Tsopano unditengere pa chipilala cha atengatenga."

Ndinachita ngati sindikuchidziwa.

"Chipilala chiti, azakhali?"

"Usandiyese mwana. Mdzukulu wanga anachiona. Pamwamba pali msilikali ndi mfuti, m'mbali muli anthu osenza katundu pamutu. Ukuganiza kuti ndatupa mapazi masiku anayi kudzaona wotchi?"

Nkhani ya bambo awo ndinkaidziwa mwapatalipatali, ngati nyimbo ya m'nyumba ya eni. Pa nkhondo ya Ajeremani azungu ankagwira amuna m'midzi kuti azisenza katundu wa asilikali. Bambo awo anatengedwa iwo ali m'mimba, ndipo sanabwerenso. Sipanabwere kalata, sipanabwere ngakhale bulangeti. Anthu ankangoti anapita kumpoto. Ine chipilalacho ndinkachiona tsiku lililonse pawindo, ndinkachigulitsa kwa alendo, koma sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti osenza katunduwo angakhale abambo a munthu.

Ndinayesa zonse. Ndinati n'kutali, ndinati pali magalimoto oopsa, ndinati tibwere mawa. Mawa lake linali Lamlungu, ofesi yotseka, ndipo ndikanawatengerako ndi mtima woyera. Koma azakhali anali ataimirira kale, akumanga chitenje. "Ukakana ndifunsa anthu," anatero. Ndinawaona m'maganizo akuyenda okha mumsewu waukulu, akufunsa aliyense m'Chichewa, ndipo ndinagonja. Nthawi inali itangodutsa thwelofu. Loweruka ofesi yathu inkatseka wani koloko.

Tinawoloka msewu ndikuwakoka dzanja, ine nkhope nditaitembenuzira kumbali. Pakati pa bwalolo panali kapinga wouma ndi maluwa ochepa. Azakhali msilikali wa pamwambayo sanamusamale. Anapita molunjika pa chithunzi chachitsulo cha m'mbali, pamene panali amuna opanda nsapato, mitolo ili pamutu. Anawasisita mmodzimmodzi ndi chala, kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Owonda," anatero motsitsa. "Sankawadyetsa."

Kenako analoza malemba. "Werenga."

Ndinawamasulira mwachangu kuti chipilalacho n'chokumbukira asilikali akuda ndi atengatenga amene anafa pa nkhondo ija.

"Zimenezo ndamva. Werenga mayina."

Panalibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ndinadziwa zimenezo kalekale, ndipo ndinkaziuza alendo ngati kankhani kongosangalatsa. Ndinaponya diso kutsidya la msewu: khomo la ofesi linali lotsegula, mlonda ali pa mpando wake. Ndinaganiza kuti ndikanena zoona azakhali ayamba kukangana nane, kundizungulitsa chipilala chonse kuti ndiyang'anitsitse, kundinena kuti sukulu yanga inapita pachabe. Ndinafuna chinthu chowatseka pakamwa kuti tizipita. Pa mbali ina panali malemba a Chiarabu, amene ngakhale ine sindinkatha kuwerenga. Ndinaika chala pamenepo.

"Mayina ndi awa."

Anatchula dzina la bambo awo, ndi la mfunda wawo, pang'onopang'ono ngati akuuza kalaliki. "Lilipo?"

"Lilipo. Ndi ili."

Ndinkayembekeza kuti agwedeza mutu, mwina kupukuta msozi, basi tizikakwera daladala. Ndinali mwana wa m'tauni. Sindinadziwe chimene ndinachita.

Azakhali anavula nsapato, naziika pambali bwinobwino. Anamanga chitenje china m'chiuno mothina. Anamasula mfundo ya pakona ya mpango wawo, ndipo munali ufa woyera, umene anayenda nawo kuchokera ku Ntcheu. Mayi a mvano amenewa, oimba kutsogolo m'tchalitchi! Anagwada, nathira ufawo m'munsi mwa chipilala, naomba m'manja katatu mofatsa. Kenako anakweza mutu natulutsa mfuwu umene sindinaumvepo chibadwire.

"Bambo anga ine! Bambo anga ine, mayo! Anakugonekani pamsewu, magalimoto akukuzungulirani usana ndi usiku! Amayi anakudikirani mpaka maso kuchita khungu! Ndabwera ine mwana wanu simunandione uja, ndakalamba, bambo, ndakalamba!"

Maliro enieni a kumudzi, a munthu wofa dzulo, pakati pa Dar es Salaam dzuwa lili paliwombo. Anadzigwetsa pa kapinga, nadzuka, nagwira chitsulo chija ndi manja awiri. Madalaivala anayamba kuchepetsa liwiro. Ogulitsa nyuzipepala, opukuta nsapato, amayi ochokera kumsika, onse anawoloka msewu kudzaunjikana. Wina anati ndi wamisala, wina anati ndi mfiti yagwa pa lichero. Ine ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Kenako lina. Posakhalitsa ndinapezeka ndaima pakati pa anthu oonerera, chikwama nditachikumbatira pachifuwa.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, minibasi ya kampani yathu inafika ndi azungu asanu ndi mmodzi ochokera kokaona malo. Anatsika makamera ali m'manja, nathamangira komweko. Pambuyo pawo ndinamva makoza akulira. Abwana.

"Iwe, ukutani kuno tsiku lopuma?" anandifunsa m'Chiswahili. "Gogoyu ukumudziwa?"

Nthawi yomweyo azakhali anali akundifunafuna ndi maso m'gulumo. Anandipeza. Anatambasula dzanja lodzaza ufa, misozi ili chuchuchu, naitana, "Mwana wa mlongo wanga, bwera udzagwade! Agogo ako awa, bwera akuone!"

Abwana sankamva Chichewa. Ankangoona gogo akulozera gulu la anthu. Ndinayang'ana nsonga ya mfuti ya msilikali uja, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuyankha m'Chiswahili chosalala bwino.

"Sindikuwadziwa. Ndimangodutsa."

"Ndiye wabwera bwino," anatero abwana. "Afotokozere alendowa chimene chikuchitika."

Ndipo ndinafotokoza. Mulungu andikhululukire, ndinafotokoza m'Chingelezi changa cha pa desiki, kuti umenewu ndi mwambo wa anthu a kumidzi yakutali polira akufa awo, kuti ufawo ndi nsembe. Azungu ankagwedeza mitu, makamera ali thethethe. Mzungu wina wamkazi anandifunsa ngati zimachitika Loweruka lililonse. Dzanja la azakhali linakhala lotambasula kanthawi, kenako linatsika pang'onopang'ono n'kukagwira kapinga. Chiswahili sankachimva, Chingelezi sankachimva, koma maso anali nawo.

Amene anadutsa pakati pa anthuwo anali mlonda uja. Anasiya mpando wake ndi khomo la ofesi, zimene sankachita ngakhale kugwe mvula ya matalala. Anavula nsapato pafupi ndi za azakhali, nanjuta pambali pawo, nalankhula Chichewa chake cha ku Mangochi mokweza, aliyense akumva.

"Pepani amayi. Pepani ndithu. Maliro ndi a ndani?"

"Bambo anga, achimwene. Ndawapeza lero."

"Chauta ndi wamkulu. Lirani, amayi, musaope munthu."

Wapolisi wa pamsewu atabwera ndi wezulo yake, mdalayo anaimirira nalankhula naye pambali mpaka wapolisiyo anayamba kubalalitsa anthu m'malo mogwira gogo. Azakhali anati akufuna dothi la pamandapo kuti akaliike kumudzi pafupi ndi amayi awo. Mdalayo anatulutsa kiyi wa geti, nakumba pakati pa maluwa, nawathandiza kumanga dothilo mu mpango womwe munali ufa. Mdalayo ankadziwa kuwerenga Chiarabu, ndinkawaona ndi kabuku kawo masana alionse. Azakhali anawalozera mzere uja monyadira, nati, "Dzina lawo ndi ili." Mdalayo anayang'ana malembawo, nayang'ananso, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Anangowaveka nsapato azakhali n'kuwawolotsa msewu.

Podutsa pafupi nane ananong'ona m'Chiswahili, osandiyang'ana, "Ndikawakhazika pokwerera basi kuseri kwa positi ofesi. Mukawapeze kumeneko."

Abwana anawakalipira mdalayo pambuyo pake chifukwa chosiya khomo, nati Anyasa akaonana amaiwala ntchito. Ine anandiyamikira kuti ndawasangalatsa alendo.

Azakhali ndinawapeza atakhala pa benchi, mpango wa dothi uli pamiyendo, akumwa madzi amene mdalayo anawagulira. Ndinakonza mawu ambiri m'njira, koma nditafika onse anathawa. Tinakwera daladala. Nditafuna kuwanyamulira mpangowo, anaukokera kwa iwo.

Kunyumba anakhala pa mkeka pafupi ndi bambo, nati, "Achimwene, ndawapeza bambo anga. Dzina lawo analilemba pa chitsulo, mwana wanuyu wandiwerengera." Bambo anali atakhala mumzindamo zaka zoposa makumi anayi, ndipo chipilalacho ankachidziwa ngati chikhatho chawo. Anatembenuzira maso awo ofooka kumene kunali ine. Kenako anati, "Zikomo, achemwali. Mwagwira ntchito." Ndinadikira kuti azakhali anene zinazo. Ndinadikira pa chakudya, ndinadikira potsuka mbale. Sananene. Ndikanakonda akananditukwana pamaso pa anthu onse a m'Tabata.

Lamlungu titabwerako kutchalitchi azakhali anatuma amayi anga kukagula lezala. Anati mwambo waukulu ukachitikira kumudzi dothi likafika, koma ife a kuno sitidzakhalako, choncho tiyenera kumeta maliro iwo asanachoke. Tili pabwalo, pageti panagogoda munthu. Anali mlonda uja, atavala mkanjo woyera, atakwera mabasi awiri kuchokera ku Mbagala. Azakhali anali atawaitana dzulo lake pa benchi paja. Anandipatsa moni m'Chichewa, m'nyumba ya bambo anga, ndipo ndinayankha mawu osamveka.

Azakhali anayamba ndi bambo, nawameta mpala mutu wonse. Amayi anavula duku, azakhali nawameta. Kenako anatembenukira kwa mdalayo.

"Inu achimwene, mwalira nane. Chipembedzo chanu chikuloleza?"

Mdalayo anaseka pang'ono, navula kofia. "Pang'ono pokha, amayi, pamwamba pa khutu."

Ine kuyambira m'mawa mutu unali pa kalikiti wanga. Ndikapita bwanji ku ofesi ndi mpala, masiku awiri okha chichitikireni zija? Abwana sakanafunika kuwombeza. M'tchalitchi monse ndinkakonza zifukwa: mankhwala a m'tsitsi sagwirizana ndi lezala, dokotala analetsa. Koma nditaona imvi za mdala wa eni zikugwera pa mkeka wathu, manyazi anandigwira. Ndinaganiza kuti ndiwapempha adule kumbuyo, pamene tsitsi lina likhoza kuphimba. Kenako ndinati ayi, amete mmene afunire, za mawa ndikaziona mawa. Ndinapita, ndinagwada pamaso pawo ndi diresi langa la kutchalitchi, ndinaweramitsa mutu.

Ndinadikira kuzizira kwa lezala. Ndinamva kapepala kakukhwekhwereza. Nditadzutsa maso ndinaona azakhali akupukuta lezalalo pa chitenje, akulikulunga bwinobwino m'pepala lake.

"Dzukani, mayi," anatero, mawu ali ofatsa ngati akulankhula ndi mlendo wa pa basi. "Mudetsa diresi. Mawa muli ndi ntchito."

Amayi anayamba kusesa tsitsi pa mkeka, la anthu atatu, nandipempha kuti ndisunthe pang'ono.

Lole inabwera Lolemba m'mamawa. Azakhali anakwera ndi mpango wawo, natsazika bambo ndi amayi powatchula mmodzimmodzi, ndipo kwa ine anati zikomo powaonetsa tauni. Sindinawaonenso. Dothi lija analiika pafupi ndi manda a amayi awo, ndipo ndinamva kuti mudzi wonse unabwera, anapha mbuzi, anaphika thobwa. Mpaka lero kumeneko amanena kuti dzina la mkulu uja linalembedwa pa chitsulo ku Dar es Salaam, ndipo amene analiwerenga ndi ine.

Nditawaperekeza ndinapesa kalikiti wanga, ndinamupaka mafuta, ndinakwera daladala. Ntchito ndinali nayobe, ndipo ndinakhala pa desiki imeneyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. M'mawa umenewo ufa unali ukuonekabe m'munsi mwa chipilala, mpheta zikutola. Mlonda anaimirira n'kunditsegulira chitseko. M'munsi mwa kofia yawo, pamwamba pa khutu, panali kachigamba kometedwa kumene. Abwana anali ataima pa desiki akusanthula makalata. Ndinawapatsa mdalayo moni wa Chiswahili, monga mwa masiku onse.